Kodi nyimbo za pa wailesi amasanja ndani?

Tsegulani wailesi 2 koloko usiku. Nyimbo zikulowana bwinobwino, muulutsi akutchula dzina la woyimba, malonda akumveka pa nthawi yake. Mutati musuzumire mu situdiyo, mwina mungapeze mpando uli wokhawokha, magetsi azimitsidwa, kompyuta yokha ikuphethira pakona. Omvera amadabwa nazo, oyimba amadandaula nazo, ndipo achinyamata ofuna ntchito ya pa wailesi amafunitsitsa kuzimvetsa. Nawa mafunso amene amabwera kawirikawiri.

Kodi ndi zoona kuti kompyuta ndiyo imasankha nyimbo?

Imasanja, koma sigamula yokha. Pa wailesi zambiri zoliza nyimbo, kompyuta ndiyo imalemba kuti nyimbo yakuti ilire 9 koloko ndipo yakuti itsatire. Koma zoti ndi nyimbo ziti zilowe m'nkhokwe ya wailesi, iliyonse ilire kangati, ndi iti isayandikane ndi inzake, amagamula ndi munthu, mkulu wa nyimbo, amene kuntchitoko amamutcha music director, kapena mkulu wa mapulogalamu mwiniwakeyo. Kompyuta ilibe khutu. Sidziwa kuti nyimbo iyi ndi yokoma, iyi ndi yogwetsa ulesi. Imadziwa zokhazo zimene zalembedwa pambali pa nyimboyo: dzina la woyimba, kutalika kwa nyimbo, liwiro lake, chaka chimene inatuluka, ndi nthawi imene inalira komaliza.

Ndi pulogalamu imodzi imene imagwira ntchito yonseyi?

Ntchitozi ndi ziwiri, ndipo pa wailesi zikuluzikulu zimagwiridwa ndi mapulogalamu awiri a pakompyuta. Yoyamba ndi yosanja. Imakonza mndandanda wa tsiku lonse tsikulo lisanafike, ola ndi ola, mzere ndi mzere. Odziwika pa ntchitoyi ndi GSelector ya kampani ya RCS, MusicMaster ndi Powergold. Yachiwiri ndi yoliza. Imalandira mndandanda uja utaphatikizidwa ndi wina wa malonda wochokera ku ofesi ya zamalonda, kenako imaulutsa chimodzichimodzi mpaka tsiku lithe. Zitsanzo zake ndi Zetta, Myriad ndi mAirList. Wailesi zing'onozing'ono zosowa ndalama zimathandizika ndi mapulogalamu aulere monga RadioDJ ndi Rivendell, amene amatha kugwira ntchito ziwiri zonsezi.

Zimenezi zinayamba liti?

Kasinthasintha wa nyimbo, kutanthauza kuziliza mozungulira, anayamba kompyuta zisanalowe m'mawailesi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, Todd Storz wa wailesi ya KOWH mumzinda wa Omaha ku America anayamba kuliza mobwerezabwereza nyimbo zochepa zimene anthu ankazikonda kwambiri, ndipo omvera anachuluka. Umu ndi mmene inabadwira Top 40. Kwa zaka zambiri pambuyo pake, nyimbo iliyonse inkakhala ndi khadi lake m'kabokosi. Muulutsi ankatenga khadi la kutsogolo, kuliza nyimboyo, n'kubwezera khadilo kumbuyo. Koma mtima wa munthu uli ndi zokonda zake. Khadi la nyimbo imene sinamugwire mtima ankalidumpha, la imene ankaikonda ankalifunafuna ngakhale nthawi yake isanakwane.

Makina oliza okha anayamba kuonekera mu 1956, pamene Paul Schafer anawaika pa wailesi ya KGEE ku Bakersfield m'chigawo cha California. Makina a nthawi imeneyo ankayendera matepi akuluakulu, ndipo m'kupita kwa nthawi kumapeto kwa nyimbo kunkaikidwa kaphokoso kotsika kwambiri ka 25 Hz kouza makinawo kuti ayambitse tepi ina. Mu 1979, Andrew Economos anatulutsa pulogalamu yotchedwa Selector, imene inayamba kugwira ntchito pa wailesi ya KYUU ku San Francisco. Selector inatenga kabokosi ka makhadi kaja n'kukalowetsa m'kompyuta, ndipo nzeru yake ndi imene ikugwirabe ntchito mpaka lero.

Nanga nyimbo zikwizikwi amazigawa bwanji?

Amaziika m'madengu, amene kuntchitoko amati ma category. Dengu loyamba ndi la nyimbo zotentha, zimene zili pakamwa pa aliyense sabata ino. Limakhala laling'ono, mwina nyimbo 5 kapena 7 basi. Lachiwiri ndi la nyimbo zimene zikukwera kapena zayamba kutsika. Lachitatu ndi la zatsopano zimene wailesi ikuyesa kuona ngati anthu azilandire. Lachinayi ndi la zimene zinatentha miyezi ingapo yapitayo ndipo anthu akuzikondabe. Lomaliza, lalikulu kuposa onse, ndi la nyimbo zakale zosaiwalika, zimene amazitcha gold, ndipo mumatha kukhala mazanamazana.

Chinsinsi chili pa kukula kwa dengu. Likakhala laling'ono, nyimbo zake zimabweranso msanga. Likakhala lalikulu, zimatenga masiku kuti zimvekenso. Sabata iliyonse mkulu wa nyimbo amakhala pansi n'kumasamutsa: iyi ikwere, iyi itsike, iyi ipume kaye.

Kodi wotchi imene aulutsi amaitchula ndi chiyani?

Ndi chithunzi cha ola limodzi, chojambulidwa ngati nkhope ya wotchi yogawidwa zigawozigawo. Bill Drake ndi mmodzi mwa anthu amene anatchukitsa kukonza ola mwa dongosolo lokhwima chonchi, pa wailesi ya KHJ ku Los Angeles kuyambira mu 1965. Wotchi sitchula dzina la nyimbo. Imangotchula dengu. Mwachitsanzo ingati: nkhani zikatha pabwere kanyimbo kodziwitsa dzina la wailesi, kenako yotentha, kenako yakale, kenako ya dengu lachiwiri, muulutsi alankhule, malonda, kenako yatsopano. Nyimbo yatsopano nthawi zambiri amaiika pakati pa ziwiri zodziwika, kuti womvera asathawe asanaizolowere.

Sabata ili ndi maola 168, ndipo ola lililonse limapatsidwa wotchi yake. Ya m'mawa, yodzaza nkhani ndi malonda, imasiya malo ochepa a nyimbo. Ya usiku imasiya ambiri. Ngati pa ola pakulira nyimbo 12, ndiye kuti kompyuta ili ndi mipata 288 yoti idzaze tsiku lililonse.

Amadziwa bwanji kuti nyimbo ibweranso nthawi yanji?

Ndi masamu a kupulayimale. Gawani chiwerengero cha nyimbo za m'dengu ndi mipata imene dengulo lili nayo pa ola. Nyimbo 9, mipata iwiri pa ola: iliyonse ibwera pakatha maola anayi ndi theka. Nyimbo zakale 300, mipata itatu pa ola: maola 100, amene ndi masiku anayi ndi maola anayi.

Koma pamasamu omwewa pali msampha. Tiyerekeze kuti dengu lili ndi nyimbo 6 ndi mpata umodzi pa ola. Nyimbo imene yalira 7 koloko m'mawa iliranso 1 koloko masana, 7 koloko madzulo, 1 koloko usiku, kenako 7 koloko m'mawa mwake. Chifukwa 6 amalowa ndendende mu 24, munthu amene amamvera wailesi ali mu minibasi popita kuntchito azimva nyimbo yomweyomweyo pa siteji yomweyomweyo tsiku ndi tsiku, pamene zinzake zisanu sadzazimva. Chotsanimo imodzi zitsale 5: nyimbo ya 7 koloko Lolemba imveka 8 koloko Lachiwiri, 9 koloko Lachitatu, ndipo womvera wathu uja azikumana ndi ina tsiku lililonse. Nambala ya 7 nayo ili ndi kamsampha kake. Imasuntha bwino tsiku ndi tsiku, koma popeza 7 amalowa ndendende mu 168, Lolemba lililonse lizifanana ndi Lolemba lapitalo. N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi amawerengera kaye asanawonjezere kapena kuchotsa nyimbo ngakhale imodzi.

Mpata ukafika, kompyuta imasankha bwanji nyimbo imodzi m'dengumo?

Ganizirani ndowa zimene zandandalikidwa pamjigo. Yakutsogolo ndiyo yadikira nthawi yaitali, ndipo imene yangotunga kumene ikafuna madzi ena iyenera kukayambira kumbuyo. Nyimbo za m'dengu zimaima chimodzimodzi. Kompyuta imayamba ndi ya kutsogolo n'kuiyesa pa malamulo onse. Ikakhoza, imalowa mu mndandanda n'kupita kumbuyo kwa mzere. Ikalephera, kompyuta imayesa yachiwiri, kenako yachitatu, ndipo yolephera ija imakhalabe kutsogolo kudikira mpata wina.

Mkulu wa nyimbo ndiye amaika malire a kumene kompyuta ingafike pofufuza mumzeremo. Akaipanikiza kwambiri, imasowa nyimbo yoyenera n'kusiya mipata yopanda kanthu. Akaimasula kwambiri, imazolowera kutola nyimbo zosavuta kuziika pena paliponse, ndipo zina zimangokhala kutsogolo osalira. M'dengu la zotentha malirewo amakhala aafupi kwambiri, mwinanso kulibiretu kufufuza, chifukwa nyimbozo ziyenera kuzungulira mosadukiza.

Malamulo ake ndi otani?

Loyamba ndi kutalikitsa woyimba: nyimbo ziwiri za munthu mmodzi zisayandikane, padutse mwina ola kapena kuposerapo. Apa pamafunika kudziwa mbiri ya oyimba. Kompyuta sidziwa kuti Evison Matafale ndiye anayambitsa Black Missionaries pokhapokha wina ataiuza kuti mayina awiriwa ndi a pabanja limodzi. Lina ndi la liwiro: nyimbo zozizira zisatsatane zitatu, ndipo yovinitsa isagwere mwadzidzidzi pa yachisoni. Lina ndi la mtundu wa nyimbo, kuti rege isadzaze ola lonse. Lina ndi losakaniza mawu a amayi ndi a abambo. Lina limaletsa nyimbo kulira ola lomwelo limene inalira dzulo. Palinso la nthawi ya tsiku, loti nyimbo ya mawu a akuluakulu isamveke ana akukonzekera kupita kusukulu.

Malamulowa amagawidwa pawiri. Ena ndi osaswedwa zivute zitani. Ena kompyuta imaloledwa kuwaswa ikasowa pogwira, kuyambira ndi laling'ono. Palinso ena ochokera kuboma. Ku America, wailesi za pa intaneti zimene zimadalira chilolezo cha malamulo a dzikolo siziloledwa kuliza nyimbo zoposa zinayi za woyimba mmodzi, kapena zoposa zitatu za chimbale chimodzi, m'maola atatu.

Bwanji osangosakaniza nyimbo mwachisawawa ngati pafoni?

Chifukwa chisawawa chenicheni sichisangalatsa khutu. Mukaponya ndalama m'mwamba kambirimbiri, mbali imodzi imatha kugwa kanayi motsatizana. Nyimbo nazo, zikasakanizidwa popanda lamulo, woyimba mmodzi amatha kubwera katatu motsatizana, ina n'kutha mwezi osamveka. Makampani akuluakulu anakumana nazo zimenezi. Apple mu 2005 ndi Spotify mu 2014 anasintha kasakanizidwe kawo anthu atadandaula kuti woyimba mmodzi akubwera pafupipafupi. Anachita zimene wailesi zinali zikuchita kale: kutalikitsa nyimbo zofanana mwadala.

Nanga n'chifukwa chiyani ndimamva nyimbo imodzi kasanu patsiku?

Chifukwa wailesi imasanjira munthu amene amamvera kanthawi kochepa. Ambiri amatsegula akusamba, akuphika, ali pa ulendo, kenako n'kutseka. Kuti munthu wotereyu akumane ndi nyimbo imene akuifuna, iyenera kubwera pafupipafupi. Amene amavutika ndi telala, wometa kapena wogulitsa mugolosale, amene wailesi yake simazima kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Dandaulo lake ndi loona.

Nyimbo imatopetsa ndithu, ndipo kuntchitoko amati yapsa. Wailesi za ndalama zimachita kafukufuku: zimaliza timasekondi tochepa ta pamene nyimbo imakomera, n'kufunsa omvera ngati akuidziwa, akuikonda kapena yawakwana. Zopanda ndalama zimadalira mafoni, mauthenga, ndi khutu la mkulu wa nyimbo akamayenda mumsika. Nyimbo ikapitirira kulira itapsa kale, wolakwa ndi amene anachedwa kuitsitsa.

Kompyuta imadziwa bwanji polumikiza nyimbo ndi inzake?

Nyimbo iliyonse ikamalowa m'nkhokwe imaikidwa zizindikiro: pamene phokoso likuyambira, pamene woyimba akutsegula pakamwa, ndi pamene yotsatira iyenera kuyamba. Nyimbo imene imatha pang'onopang'ono imalola inzake kulowa isanatheretu. Imene imatha mwadzidzidzi iyenera kudikiridwa mpaka kumapeto. Mapulogalamu ambiri amatha kuyerekeza okha zizindikirozi poyeza kukula kwa phokoso, koma khutu la munthu limaposa.

Chizindikiro cha pamene woyimba akuyambira chimathandiza muulutsi. Pa sikirini amaona masekondi akutsika, 12, 11, 10, ndipo amamaliza mawu ake osaponda woyimba. Njira yomweyi ndiyo imachititsa kuti amveke usiku ali m'tulo kunyumba. Masana amakhala pansi ndi mndandanda wa usiku, kumvera mathero a nyimbo ina ndi chiyambi cha inzake, n'kujambula mawu ake pakatipo. Amati voice tracking. Pulogalamu ya maola anayi amatha kuijambula m'kanthawi kochepa chifukwa samvera nyimbo zonse. Wailesi zambiri zimaikanso kachipangizo komvetsera chete: pakadutsa masekondi angapo popanda phokoso, kamayambitsa nyimbo zapadera n'kudziwitsa amisiri.

Zimatheka bwanji kuti nkhani ziyambe ndendende pa ola?

Mu mndandanda mumaikidwa chikhomo cha nthawi. Chikhomo cholimba chimadula chilichonse chimene chikulira nthawi ikakwana. Chofewa chimadikira nyimbo ithe. Kuti nyimbo isadulidwe pakati, wosanja amawerengera chobwerera kuchokera kumapeto kwa ola. Ngati patsala mphindi zitatu ndi masekondi 20, amafunafuna nyimbo ya kutalika koteroko. Ena amaika nyimbo zowonjezera kumapeto kwa ola, zimene kompyuta imazitaya ngati nthawi yatha. Apa pafunika chilungamo. Nyimbo imene yatayidwa iyenera kulembedwa kuti sinalire, apo ayi kompyuta iiyesa kuti yalira n'kuitumiza kumbuyo kwa mzere, ndipo woyimba wake aluza mpata umene unali wake.

Kodi makinawa angathandize kuti nyimbo za kwathu zizimveka?

Kwambiri, ngati eni wailesi afuna. Ku Canada wailesi zamalonda ziyenera kuliza nyimbo za m'dzikolo zosachepera 35 pa 100 zilizonse, ndipo lamuloli limagwiranso padera kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, Lolemba mpaka Lachisanu, kuti wailesi zisakankhire nyimbozo pakati pa usiku. Ku France, lamulo la nyimbo 40 pa 100 za Chifalansa linayamba kugwira ntchito mu 1996. Ku Zimbabwe lamulo la 2001 linaika 75 pa 100, ndipo ku South Africa wailesi za SABC zinayesapo 90 pa 100 mu 2016. Pa kompyuta nkhaniyi ndi yosavuta. Nyimbo za m'dziko zimaikidwa chizindikiro, wotchi imazipatsa mipata yake, ndipo lipoti limatuluka m'kamphindi.

Mndandanda wa zimene zalira ulinso ndi phindu lina. Mabungwe otolera ndalama za oyimba, monga COSOMA ku Malawi imene inakhazikitsidwa mu 1992, ZAMCOPS ku Zambia ndi SAMRO ku South Africa, amafunika umboni wa nyimbo zimene zaulutsidwa kuti agawe ndalama mwachilungamo. Mndandanda wolembedwa molondola ndi chakudya cha ana a woyimba.

Ndine woyimba. Ndichite chiyani kuti nyimbo yanga ilowe m'kasinthasintha?

Kumbukirani kuti pakhomo pali munthu. Mupatseni nyimbo yojambulidwa bwino, yosapitirira mphindi zinayi ngati n'kotheka, yopanda mawu otukwana, ndi yosachedwa kufika pokomera. Fayilo yanu ikhale ndi dzina lanu, mutu wa nyimbo, wopeka, chaka, ndi nambala yozindikiritsa nyimbo yotchedwa ISRC ngati muli nayo. Dzina lanu lilembedwe mofanana nthawi zonse. Wina akalemba Lucius Banda, wina Lucious Banda, wina Soldier Lucius Banda, kompyuta imaona anthu atatu: iliza nyimbo zawo motsatizana, ndipo lipoti la malipiro lisokonekera. Fayilo yongolembedwa kuti Track 01 ilibe mwini.

Musapereke ndalama za mseri kuti nyimbo ilire. Ku America mchitidwewu umatchedwa payola. Unagwetsa muulutsi wotchuka Alan Freed, ndipo mu 1960 dzikolo linakhwimitsa lamulo loletsa kulandira malipiro otere mobisa. Mu 2005 kampani ya nyimbo ya Sony BMG inavomera kulipira madola 10 miliyoni pa nkhani yomweyi ku New York. Kompyuta sithetsa ziphuphu, chifukwa amene walandira envelopu akhoza kungoika nyimbo m'dengu la zotentha. Koma imasiya mapazi: aliyense wotsegula lipoti aona kuti nyimbo yakuti yalira kangati, ndipo akhoza kufunsa chifukwa chake.

Ndiye munthu watsala ndi ntchito yanji?

Watsala ndi yaikulu. Mndandanda ukatuluka, mkulu wa nyimbo wosamala amauwerenga mzere ndi mzere. Amadzaza mipata imene kompyuta yasiya, amalekanitsa nyimbo ziwiri zimene pa malamulo zakhoza koma pakhutu zikukangana, ndipo amaona ngati pali woyimba amene waiwalika kumbuyo kwa dengu. Wailesi imene imangodina batani n'kupita kunyumba imadziwika pakumveka kwake.

Palinso zimene makina sangazimve. Namondwe wa Freddy atasakaza chigawo cha kummwera kwa Malawi mu Malichi 2023, dziko linalowa m'masiku 14 olira. Mndandanda wokonzedwa dzana sukanadziwa kuti ku Chilobwe, limodzi mwa madera okhudzidwa, kuli maliro, ndipo ukanapitiriza kuliza za dansi monga unauzidwira. Pa tsiku lotero pamafunika munthu woti athamangire ku situdiyo, aimitse mndandanda, asankhe nyimbo zotonthoza, atsegule maikolofoni n'kuuza anthu kumene angapeze pogona ndi thandizo. Wailesi iliyonse yodalira makina izikhala ndi wotchi ya masiku otere yokonzeratu, ndiponso munthu wodziwika amene foni yake simazima usiku.